iNaturalist pa Foni: Imathandiza Pati Podziwa Magulu a Nyama ndi Kumene Zinachokera

iNaturalist ndi pulogalamu ya pa foni ndi pa intaneti imene mumaikamo chithunzi cha chamoyo chilichonse, iyo n'kukuuzani gulu limene ikuchiganizira, kenako anthu odziwa n'kudzavomereza kapena kukutsutsani. Inayamba mu 2008 ngati ntchito ya ophunzira a pa yunivesite ya California ku Berkeley, mmodzi wa iwo Ken-ichi Ueda. Inakhalako m'manja mwa California Academy of Sciences ndi National Geographic Society, ndipo kuyambira 2023 ndi bungwe loima palokha, losachita malonda. Simulipira kanthu, mulibenso zotsatsa. Chimene chimatha ndi bandulo basi.

Ambiri amaitsitsa poganiza kuti apeza makina otchula dzina la nyama iliyonse pompopompo. Kuno kwathu ikhoza kukugwiritsani mwala mukaidalira choncho. Pamene ilibe inzake ndi pa kusonyeza makwerero a magulu: kuti kachilombo kali pa khomaka kali m'banja liti, banjalo lili m'gulu liti lalikulu, ndipo abale ake ndi ati. Wophunzira biology wa Fomu 3, mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, woperekeza alendo ku nkhalango, onsewa apindula nayo kwambiri akadziwa sitepe imene ayenera kuimapo, ndiponso akadziwa malo amene makwerero akewo amabisa ubale weniweni wa nyama.

Makwererowa maziko ake anayala ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo mayina a sayansi a nyama amawerengedwa kuyambira 1758. Tengani chambo. Pamwamba pali kingdom Animalia, mmene muli zonse kuyambira njovu mpaka nsabwe. Pansi pake phylum Chordata, kenako class Actinopterygii, nsomba za zipsepse za minga, kenako order Cichliformes, family Cichlidae, genus Oreochromis, n'kumalizira species, mtundu weniweni, monga Oreochromis karongae. Pa webusaiti, mukatsegula tsamba la nyama iliyonse, mzere wonsewu umaoneka pamwamba ndipo dzina lililonse limadinika. Pa tsamba lomwelo pali gawo lotchedwa Taxonomy limene limayala magulu ena ogawana kholo ndi limene mukulionalo. Pa foni zimenezi n'zofinyika. Amene cholinga chake ndi kuphunzira magulu atsegule inaturalist.org pa kompyuta, kapena pa foni pomwepo koma kudzera pa Chrome.

Kuti chithunzi chanu chiwerengedwe pafunika zinthu zitatu: chithunzicho kapena mawu ojambulidwa, tsiku, ndi malo. Yatsani location mu kamera ya foni musanapite kutchire, jambulani ndi kamera wamba, n'kudzaziika mukafika pa netiweki yabwino. Tsiku ndi malo zimakhala zitalembedwa kale m'kati mwa chithunzi ndipo pulogalamu imaziwerenga yokha. Mu Settings zimitsani zoti izitumiza yokha, apo ayi bandulo ya sabata ithera pa agulugufe. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp kapena Facebook chimafika chitafufutidwa tsiku ndi malo, chitachepetsedwanso, choncho ngati mnzanu akukutumizirani, atumize ngati document. Ikani zanu zokha kapena zimene mwini wake walola. Zotola pa intaneti amazichotsa. Observation imodzi, kutanthauza cholemba chimodzi cha zimene mwaona, ndi ya nyama imodzi pa nthawi imodzi, ndipo imalola zithunzi mpaka 20. Ena amaunjika buluzi, gulugufe ndi mtengo pamodzi, zikatero palibe amene angaike dzina. Dziwaninso kuti chithunzi chilichonse amachichepetsa kufika mapikiselo 2048 mbali yaitali. Kachilombo kakakhala kadontho pakati pa tsamba la chimanga, dulani chithunzicho musanachitumize, chifukwa akachichepetsa okha miyendo ndi tinyanga zimasowa.

Chimene mwajambula ndicho chimalamula kuti dzina litsika mpaka pati, ndipo gulu lililonse lili ndi pamene limagwidwira. Kwa tizilombo ta miyendo yolumikizalumikiza, phylum Arthropoda, yambani ndi kuwerenga miyendo. Isanu ndi umodzi ndi Insecta. Isanu ndi itatu ndi Arachnida, mmene muli kangaude, chinkhanira ndi nkhupakupa, ngakhale kamwana ka nkhupakupa kongoswedwa kumene kamakhala ndi isanu ndi umodzi. Nkhanu ili ndi khumi mukawerenga ndi zopanira zomwe. Bongololo ali ndi miyendo inayi pa mphindi iliyonse ya thupi, nankalizi iwiri. Jambulani pamwamba, m'mbali, ndipo mapiko ndi tinyanga zioneke. Kangaude amafunika nkhope, poti kayalidwe ka maso ndiko kamasiyanitsa mabanja ambiri. Ukonde wake nawo ndi umboni. Chule mumujambule msana, mimba, zala ndi diso, ndipo mukatha jambulani kulira kwake, poti achule ena ofanana kwambiri khungu amasiyana mawu. Pambali pa chinthu chaching'ono ikani rula kapena kamtengo ka machesi. Mapazi, ndowe, nthenga, chikopa chimene njoka yafundula, zonsezi zimaloledwa ngati umboni.

Nkhono ya m'madzi muiike nsonga ya chigoba kumwamba, kukamwa kwa chigobacho kukuyang'ana kamera. Kukamwako kukakhala kumanzere, ganizirani za Bulinus, gulu limene muli nkhono zosunga tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo. Chigoba chophwatalala chozungulira chikhoza kukhala cha Biomphalaria, yosunga likodzo la m'matumbo. Chithunzi cha kumsana kwa chigoba sichinena kanthu. Musaitole ndi dzanja, gwiritsani supuni kapena sefa, ndipo musagwiritse kamera ya selfie, chifukwa mafoni ena amatembenuza chithunzi, kumanzere n'kukhala kumanja. Mbozi ya m'chimanga imene mukuikayikira kuti ndi ntchemberezandonda, Spodoptera frugiperda, yomwe inafika mu Africa mu 2016 kuchokera ku America, ijambuleni mutu ndi kumchira: pamutu pamakhala chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira pali madontho anayi akuda okhala mwa sikweya. Zizindikiro ziwirizi zikaoneka, dzina limabwera msanga. Za njoka ndiye tinene mosapsatira. Jambulani muli patali, ndipo musagwire njoka chifukwa foni yanena kuti ilibe ululu. Wolumidwa apite kuchipatala, asadikire intaneti.

Mukaika chithunzi, makina a pulogalamuyi amapereka mayina angapo. Makinawa sadziwa za mafupa kapena DNA; anaphunzitsidwa ndi zithunzi zimene anthu anaika kale, ndipo mtundu umalowa m'maphunzirowo ukakhala ndi zithunzi zosachepera 100. Ku United States, ku Ulaya, ku Australia ndi ku South Africa oika zithunzi ndi ochuluka, choncho mitundu yambiri ya kumeneko makina amaidziwa. Kachikumbu ka ku Misuku kapena kangaude wa m'phiri la Mulanje kawirikawiri sanafike pa 100, ndipo makina akakumana ndi chimene sanachiphunzire amatchula chofanana nacho chimene akuchidziwa. N'chifukwa chake mumatha kuona dzina la gulugufe wa ku Texas pa chithunzi cha ku Ntcheu. Njira yozembera vutoli ili pomwepo pa sikirini. Pamwamba pa mndandanda pamakhala mzere woyamba ndi mawu akuti We're pretty sure, wonena genus kapena family. Umenewo ndi wodalirika kuposa mayina a pansi. Pa mayina a pansiwo yang'anani ngati palembedwa Expected Nearby. Lolembedwa Visually Similar lokha ndi longofanana nkhope. Mukakayika, kwerani sitepe imodzi kapena ziwiri: lembani Lepidoptera (agulugufe), kapena Araneae (akangaude), kapena Insecta chabe.

Kuika gulu lalikulu chonchi si ulesi. Akatswiri amene amathandiza kutchula mayina amasefa ndi gulu lawo. Wa akangaude amatsegula za akangaude zokha. Chithunzi chosiyidwa opanda dzina chimagwera mu Unknown, mmene anthu ochepa amasuzumiramo. Zomwezo zimachitika mukalemba dzina limene pulogalamu sikulidziwa, ndipo mayina a Chichewa sanalowemo ambiri: limangokhala ngati chikumbutso chanu, nyamayo n'kukhala yopanda gulu. Dzina la kwanu lilembeni m'bokosi la Notes. Amene ali ndi akaunti angathenso kuwonjezera dzina la chinenero chake pa webusaiti, pa gawo la Taxonomy lija, malinga likhale dzina limene anthu amatchuladi osati lopeka.

Gawo la anthu ndilo limaipatsa pulogalamuyi mtengo wake, ndipo lili ndi masamu amene muyenera kuwadziwa. Chithunzi chatsopano chimakhala pa Needs ID, kutanthauza kuti chikudikira dzina lotsimikizika. Chimafika pa Research Grade, mlingo wa zovomerezeka pa kafukufuku, pamene anthu osachepera awiri aikapo dzina, ndipo ogwirizana pa mtundu umodzi aposa magawo awiri mwa atatu. Aposa, osati angofika. Inu mukaika dzina lolakwika n'kuchokapo, akatswiri awiri sakwanira kulikonza, poti awiri mwa atatu sanapose malirewo, pafunika wachitatu. Pa gulu limene odziwa ake padziko lonse ndi owerengeka, wachitatuyo akhoza kutenga zaka. Mankhwala ake ndi batani la Withdraw: wina wodziwa akakutsutsani ndipo mulibe umboni, chotsani dzina lanu. Vuto lina ndi batani la Agree. Anthu amalidina ngati njira yothokozera, kapena anzawo a m'kalasi amavomerezana okhaokha, dzina longochokera ku makina n'kusanduka Research Grade popanda ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana mapiko. Zolemba za Research Grade zimapita ku GBIF, nkhokwe imene ofufuza amatengako mapu a kumene zamoyo zimapezeka, ndiye cholakwacho chimayenda ulendo wautali. Anthu akasemphana, pulogalamu imabwerera pa gulu limene mayina onsewo amakumana, ndipo zimenezi n'zoyamikika, chifukwa mkangano womwewo umakuphunzitsani pamene nthambi ziwirizo zinasiyanira. Mbuzi, nkhuku ndi nyama za m'khola muziike chizindikiro cha Captive, chosonyeza kuti ndi zoweta. Zimapita ku Casual, gulu la zolemba zimene siziwerengedwa pa kafukufuku.

Mayina ake iNaturalist sipeka yokha. Mbalame imatsata mndandanda wa Clements, nyama zoyamwitsa Mammal Diversity Database, zokwawa Reptile Database, nsomba Eschmeyer's Catalog of Fishes, akangaude World Spider Catalog. Magulu ambiri anakonzedwa motsatira ubale wa kholo limodzi umene mafupa ndi DNA zikusonyeza, ndipo apa ndi pamene munthu amakhalitsa pa sikirini mpaka batire kutha.

Tsegulani tsamba la mbira ya m'mapiri, ija imaothera dzuwa pa matanthwe. Maso amati ndi m'bale wa mbewa kapena kalulu. Makwerero akuti order Hyracoidea, pamwamba pake Afrotheria, ndipo mukadina Afrotheria mupeza njovu, sakhwi, nkumbakumba amene ena amati godi, ndi dugong ya m'nyanja ya mchere monga ya ku Bazaruto ku Mozambique. Limeneli ndi gulu limene linakulira mu Africa nthawi imene dzikoli linali lozingidwa ndi nyanja. Mukaiona mbirayo pafupi, umboni ulipo: mano awiri a kutsogolo a m'mwamba amakula osaleka n'kusongoka ngati timinyanga, ndipo minyanga ya njovu nayo ndi mano a kutsogolo; zala zake zili ndi zikhadabo zophwatalala; machende a yamphongo amakhala m'kati mwa mimba monga a njovu. Mbira yoweta m'khitchini ija ilibe nawo mbali, ndi ya Rodentia ndipo kwawo ndi ku South America. Kalulu nayenso sali mu Rodentia koma mu Lagomorpha, ndipo kuseri kwa mano ake awiri a m'mwamba kuli ena awiri aang'ono amene mbewa ilibe.

Mvuu ili mu Artiodactyla limodzi ndi ng'ombe, nguluwe ndi mbawala, zimene sizidabwitsa, koma pa kanthambi kake kenikeni mupezapo anangumi ndi ma dolphin. Makolo awo anasiyana zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo. Fisi, ndi maonekedwe ake a galu onse aja, ali ku mbali ya amphaka, pafupi ndi msulu ndi fungwe, pamene nkhandwe ndi mimbulu zili ku mbali ya agalu. Chiswe sichili ndi nyerere. Nyerere, linthumbu, njuchi ndi mavu ndi Hymenoptera, ndipo zimadutsa pa dzira, mphutsi, chikwa, kenako chachikulu. Chiswe ndi ngumbi zake chili mu Blattodea, gulu la mphemvu, ndipo kamwana kake kamaswedwa kali kale ndi maonekedwe a kholo. Odya ngumbi asakhumudwe, kukoma sikusintha.

Zitsanzo zimenezi zikusonyezanso chifukwa chake makina ongoona chithunzi amaphonya. Nyama zosiyana makolo zikamakhala moyo wofanana, matupi awo amayamba kufanana. Ngaka ndi nkumbakumba zonse zimadya chiswe ndi nyerere, zonse zili ndi lilime lalitali lomata ndi zikhadabo zokumbira, koma abale apafupi a ngaka ndi nyama zodya zinzake za Carnivora, pamene nkumbakumba ali ndi njovu. Nungu ndi wa Rodentia. Kanungu, ndi minga yake yomweyo, ali kutali, mu Eulipotyphla. M'nthaka yonyowa ya m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi muli Scolecomorphus kirkii, chinthu chopanda miyendo chooneka ngati nyongolotsi yaikulu kapena kanjoka, chikhalirecho ndi m'bale wa chule.

Tsono pali malo amene makwerero a iNaturalist amasocheretsa, ndipo mphunzitsi ayenera kuwadziwa asanaipereke kwa ana. Poyamba ndi tizithunzi tosefera timene timaoneka pa Explore, tsamba losakira zimene ena aika: mbalame, zoyamwitsa, zokwawa, achule, nsomba, tizilombo, akangaude, nkhono, ndi kena kolembedwa Other Animals. Tinasankhidwa kuti anthu asavutike posaka, osati potsata ubale. Asanu mwa iwo ndi a phylum imodzi yokha, Chordata, pamene nyama zili ndi ma phylum oposa 30, ambiri a iwo ataunjikidwa mu Other Animals. Kachithunzi ka nsomba n'ka Actinopterygii yokha, shaki mulibemo. Mulibenso nsomba ya mapapo ya ku Chigwa cha Shire, Protopterus annectens, imene imadzikwirira m'matope dambo likauma n'kumapuma mpweya mpaka mvula itagwa. Apa pulogalamu yachita bwino mosadziwa, poti nsomba imeneyi ndi yapafupi ndi chule, ngakhale ndi munthu, kuposa mmene ilili ndi mlamba umene imasambira nawo. Nthambi yake inasiyana ndi ya mlamba zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, ndipo kuchokera m'nthambi yomweyo munatuluka nyama za miyendo inayi zimene zinakwera kumtunda cha m'ma 370 miliyoni. Koma pa sikirini palibe chokuuzani zimenezi.

Chachikulu ndi cha mbalame. iNaturalist imaika Aves ndi Reptilia ngati ma class awiri oima moyandikana, ng'ona ili ku Reptilia limodzi ndi buluzi, gulo ndi ng'azi. Wophunzira woona zimenezi anganene kuti ng'ona ndi buluzi wamkulu. Zoona zake n'zakuti m'bale wapafupi wa ng'ona pa zamoyo zonse za lero ndi mbalame. Ziwirizi ndi zotsala za gulu la archosaur limene linagawikana pafupifupi zaka 250 miliyoni zapitazo, ndipo mbalame zinachokera mwa ma dinosaur a miyendo iwiri. Archaeopteryx ya ku Germany, ya zaka pafupifupi 150 miliyoni, inali ndi nthenga, mano ndi mchira wa mafupa. Ng'ona ili ndi mtima wa zipinda zinayi monga nkhuku, imalondera chisa chake, ndipo ana amalira akadali m'mazira kuti mayi awafukule. Zofanana nazo zili pa Arthropoda: Hexapoda ndi Crustacea zaikidwa padera, chonsecho kafukufuku wa DNA akusonyeza kuti tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi tinaphuka m'kati mwa gulu la nkhanu.

Pakati pa kingdom ndi phylum napo palibe sitepe. Ma phylum onse angondandalikidwa pansi pa Animalia ngati kuti ndi otalikirana mofanana. Taonani nyongolotsi. Ya m'munda ndi msundu ndi Annelida. Njoka za m'mimba zozungulira ndi Nematoda. Kachilombo ka likodzo ndi nyongolotsi yophwatalala ya m'nyama ya nkhumba ndi Platyhelminthes. Pulogalamu imazilekanitsa bwino, koma siinena kuti nyongolotsi ya m'munda ili pafupi ndi nkhono kuposa ndi njoka ya m'mimba, kapena kuti njoka ya m'mimbayo ili ku nthambi ya dzombe ndi nkhanu, nthambi ya zofundula khungu pokula. Siinenanso kuti starfish ya ku gombe la nyanja ya mchere ili ku nthambi imodzi ndi ife a msana. Zaka nazo mulibe. Kuti magulu akuluakuluwa amayamba kuoneka m'miyala ya nyengo ya Cambrian, kuyambira pafupifupi zaka 540 miliyoni zapitazo, mukazipeza pa gawo la About limene limangokopa nkhani ya pa Wikipedia, m'Chingerezi. Ndipo popeza malamulo ake amafuna umboni wa chamoyo cha posachedwa, zaka 100 kapena kucheperapo, mafupa osanduka miyala amapita ku Casual. Nyama zimene zinkalumikiza magulu a lero, zomwe zinatha, sizioneka. Amene akufuna mbali imeneyo aonjezere webusaiti ya OneZoom, yojambula mtengo wa zamoyo ndi zaka zake, kapena akaone mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus ku Cultural and Museum Centre ku Karonga.

Pa nyanja yathu pulogalamuyi imafika pa malire ake, ndipo si mlandu wake wonse. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya Cichlidae, yambiri yosapezeka kwina kulikonse. Mbuna, utaka ndi ncheni zinachokera kwa kholo limodzi m'zaka zosafika 1 miliyoni, nthawi yochepa kwambiri mwakuti DNA yake imasiyana pang'ono zedi. Chambo ndi cha nthambi ina ya banja lomwelo. Mbuna zimakakamira pa miyala imene zinabadwira, sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye za ku Thumbi, za ku Mbenji ndi za ku Likoma zimasiyana mtundu wa khungu. Zazikazi zambiri n'zotuwa ndi zofanana. Mitundu yambiri sinapatsidwebe dzina la sayansi, ili ndi mayina ongogwirizira, ndipo mtundu wopanda dzina lovomerezeka iNaturalist siulandira. Zikatero chithunzi chabwino chikhoza kuima pa genus mpaka kalekale, ndipo kuima pamenepo ndiko kulondola. Pali bokosi limene anthu amavota kuti dzina silingatsikenso kuposa apa; likadindidwa, observation ya pa genus imatha kukhala Research Grade. Chothandiza n'kuika malo enieni, chilumba chake kapena thanthwe lake, ndi kuya kwa madzi mu Notes. Nsomba ya m'bwato muijambule ikangovuuka, ili yonyowa, itagona cham'mbali, zipsepse zitatambasulidwa, mujambulenso kamwa, poti mitundu ya khungu imazimirira m'mphindi zochepa. Ya pamsika wa ku Limbe, mukaika malo a msikawo, mwanena kuti utaka umakhala ku Limbe. Ikani pamene inagwidwira ngati mukupadziwa, ndi bwalo lalikulu losonyeza kukayika.

Mayina amasinthanso, ndipo buku la kusukulu likhoza kusemphana ndi foni. Matemba ambiri amene mabuku akale amati Barbus tsopano ndi Enteromius. Nkhwazi inali Haliaeetus vocifer, pano mupeza Icthyophaga vocifer. Mbuna imene inali Pseudotropheus zebra ena amati Maylandia, oweta nsomba ambiri amati Metriaclima. Njovu za mu Africa tsopano zimawerengedwa mitundu iwiri, ya m'tchire ndi ya m'nkhalango zowirira. Kusinthaku kukachitika, zithunzi zanu zimasamutsidwa zokha, ndipo nthawi zambiri dzina lakale mukalisaka limakufikitsani pa latsopano. Wolemba mayeso a MANEB atsate za m'silabasi.

Munthu nayenso alimo: Mammalia, Primates, Hominidae, Homo sapiens, ndipo mu Primates momwemo muli nyani, pusi ndi changa. Pano anthu amakangana, kawirikawiri pa chinthu chimene sayansi sinanene. Makwererowa sakunena kuti nyani anabala munthu. Zili ngati munthu ndi msuweni wake: palibe anabala mnzake, koma agogo ndi amodzi. Nthambi ya munthu ndi ya chimpanzi zinasiyana zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ya anyani inapatuka kale kwambiri, zoposa 25 miliyoni. Chibwano cha Homo rudolfensis, mtundu wa anthu akalekale, chimene chinapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 n'cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zithunzi za anthu pulogalamu imaziika ku Casual, ndipo kujambula mnzanu n'kumutchula dzina la nyama ndi nthabwala imene imatsekeretsa akaunti.

Malo amene mwaika amaonekera kwa aliyense, pokhapokha mutasankha Obscured kapena Private. Obscured imamwaza kadontho kanu m'bokosi la madigiri 0.2 mbali zonse, pafupifupi makilomita 22 m'litali ndi m'lifupi. Zojambula pakhomo panu ikani choncho. Nyama zosakidwa ndi opha mozemba, monga ngaka ndi chipembere, pulogalamu imazibisa yokha, koma siingabise chikwangwani chooneka pa chithunzi kapena dzina la mudzi limene mwalemba mu Notes. Zithunzi zimalowa ndi chilolezo cha CC BY-NC, kutanthauza kuti ena angazigwiritse ntchito yosakhala ya malonda atakutchulani. Mungasinthe mu Settings, koma mukakana zilolezo zonse, zolemba zanu sizipita ku GBIF.

Akaunti ndi ya a zaka 13 kupita m'mwamba. Kwa ana ndi kwa kalasi yaikulu, bungwe lomweli lili ndi pulogalamu ina, Seek, ya 2018. Siifuna akaunti, imagwira popanda netiweki, ndipo mukaloza kamera pa kachilombo pamaoneka timadontho tisanu ndi tiwiri timene timadzaza pamene dzina likutsika kuchoka pa kingdom kupita pa species. Pophunzitsa makwerero palibe chida chophweka kuposa pamenepa: mwana amaona ndi maso kuti akayandikira, kapena akatembenuza kuti mapiko aoneke, kadontho kena kadzaza. Koma Seek ilibe anthu okonza, ndi makina okhaokha, choncho kuno imaima pa family kapena order kawirikawiri, ndipo ikatsika mpaka pansi dzinalo lifunika kulikayikira. Mphunzitsi wa sekondale amene akufuna iNaturalist yeniyeni ayambe waigwiritsa yekha, atsegule project yosonkhanitsa za kalasi lake, ndipo aletse ophunzira kudina Agree pa zithunzi za anzawo. Ntchito yoyenera kuwapatsa si kupikisana kuchuluka kwa mayina. Aliyense apeze nyama za ma phylum anayi osiyana pabwalo la sukulu, zimene zimatheka nyengo ya mvula ndi nyongolotsi, nkhono, bongololo ndi chule, kenako alembe chimene chili pa thupi la iliyonse chomwe chaiika m'gulu limenelo.